Fayilo Ikakana Kutseguka ku Darwendale

Nkhani ya lero ili ku Darwendale, katawuni ka m'boma la Zvimba, makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa Harare. Ndi dera la fodya, la migodi ndi la nsomba. Chapafupi pali damu la Manyame, lomwe linatha kumangidwa mu 1976 ndipo kale ankalitcha Lake Robertson. Pansi pa nthaka padutsa Great Dyke, mzere wautali wa miyala ya kulomu ndi pulatinamu, umene mu 2014 unachititsa a Sergei Lavrov, nduna ya ku Russia, kubwera kudzakhazikitsa ntchito ya mgodi pamodzi ndi a Robert Mugabe. M'makomboni a m'mapulazi a ku Mashonaland, Chichewa chimamvekabe chitasakanikirana ndi Chishona, ndipo gule amatulukabe pamaliro.

Koma nkhani yathu si ya pulatinamu ayi. Ndi ya kabokosi kokhala pansi pa tebulo mu ofesi ya pulazi, ya sukulu kapena ya kiliniki: kompyuta yokalamba, yomeza fumbi chaka ndi chaka, imene tsiku lina m'mawa imangokana kutsegula fayilo ya malipiro. Pa sikirini pamabwera mawu a Chingerezi akuti "The file or directory is corrupted and unreadable", ndiye kuti fayiloyo kapena fodayo yawonongeka, sikuwerengeka. Antchito ali pamzere panja. Kalaliki thukuta lili kamukamu.

Wina anganene kuti fayilo ndi kanthu kakang'ono. Munthu wa kukomboni sanganene zimenezo. Agogo a anthu ambiri kumeneko anachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi bungwe lija ankalitcha Mthandizi. Mbiri ya moyo wawo inali m'mabuku a mwini pulazi: tsiku loyamba ntchito, matikiti, phoso, malipiro. Mapulazi atayamba kulandidwa ndi kugawidwa m'chaka cha 2000, antchito ambiri anabalalika, ndipo mabuku sanawatsate. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo ali ngati alendo, zitupa zawo zikuwatchula kuti "alien". Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anawabwezera ulemu. Gawo 43 likunena kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo pamene malamulowo ankatuluka, ndi nzika yobadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Komatu ku ofesi ya kaundula sakhulupirira za pakamwa. Amafuna pepala: kalata ya kusukulu, khadi la kusikelo, umboni wa kuntchito. Bungwe la NSSA, lomwe linayamba kutolera za penshoni mu October 1994, limadalira mndandanda wa antchito umene olemba ntchito amatumiza. Mlimi wa fodya sangagulitse belo popanda nambala yake ya ku TIMB, bungwe loyang'anira malonda a fodya. Masiku ano mapepala ambiri otere amabadwira m'kompyuta, ndipo ena amafera momwemo.

Tsono n'chiyani chimachitika fayilo ikamatchedwa yowonongeka? Disiki ya kompyuta ili ngati shedi ya fodya pamodzi ndi buku la kalaliki. Mabelo ali m'shedi, ndipo bukulo limanena kuti belo la uje lili pakona iti, likulemera bwanji, linalowa liti. Buku likanyowa masamba n'kumatana, kalaliki sangathe kuloza belo ngakhale limodzi, koma fodya yense ali momwemo, sanapite kulikonse. Pa makompyuta a Windows, buku limeneli pa disiki ya m'kati limatsatira dongosolo lotchedwa NTFS, pamene mafulashi ambiri amatsatira FAT32 kapena exFAT. Nthawi zambiri uthenga woopsa uja umanena za buku, osati za mabelo. Amene wamvetsa zimenezi sathamangira kugwetsa shedi.

Chimene chimanyowetsa bukuli ku Darwendale n'chodziwika kwa aliyense: magetsi. Mu 2019, madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, madera ambiri a m'Zimbabwe ankakhala maola okwana 18 pa tsiku opanda magetsi. Mu November 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalembera kampani yopanga magetsi kuti madzi amene inagawiridwa chaka chimenecho atha. Laputopu ili ndi batire lake, magetsi akathima imapitiriza. Kompyuta ya padesiki imafa nthawi yomweyo. Ngati pa mphindi imeneyo inali pakati polemba, imasiya theka la fayilo lili latsopano, theka lina lakale, kapena imalemba fayilo koma osamaliza kuilowetsa m'buku. NTFS ili ndi kakalata kake kapambali kamene imalembamo zimene ikufuna kuchita isanachite, choncho ikayakanso imatha kudzikonza pa zambiri. FAT32 ndi exFAT zilibe kakalata kotere. N'chifukwa chake fulashi ndiyo imavulala msanga. Ndipo jenereta ya papulazi, imene imatsokomola pampu ya madzi ikayatsidwa, imachita zomwezo ngakhale magetsi a ZESA asanalakwe chilichonse.

Chachiwiri ndi dzanja la munthu. Mphunzitsi akuthamangira basi ya ku Norton, wakopera mayeso mu fulashi, kamzere kobiriwira kasanafike kumapeto iye wazula kale. Windows 10 inakonzedwa kuti fulashi izizulidwa popanda mwambo wambiri, koma zimenezo zimagwira pokhapokha kulemba kutatha. Kagetsi ka fulashi kakuphethira, kuzula ndi kung'amba.

Tsiku lotsatira fulashi ija ikalowetsedwa, kompyuta imafunsa funso limene lapha mafayilo ambiri: "You need to format the disk before you can use it." Ikunena kuti disikiyi ifomatidwe kaye isanagwiritsidwe ntchito, ndipo batani lovomera lili pompo, likudikira chala. Funso limeneli ndi msampha kwa munthu wosadziwa. Kufomata ndi kutaya buku lakale n'kuyamba latsopano lopanda kanthu. Fulashi idzagwiradi ntchito, koma ili mbee. Yankho lake ndi Cancel, basi. Kufomata kuli ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi pamapeto, zonse zofunika zitapulumutsidwa kale.

Apa ndi pamene akatswiri enieni amasiyana ndi anyamata odziwa kudinadina. Katswiri sayamba ndi kukonza. Amayamba ndi kukopera. Chilichonse chimene chikutsegukabe amachisamutsira ku disiki ina, kuyambira chofunika kwambiri: malipiro, kaundula wa ana, makalata, zithunzi za zitupa. Nyimbo ndi mafilimu zidikire. Pa disiki yodwalayo salembapo chatsopano ngakhale chimodzi, chifukwa fayilo yotayika imakhalabe pamalo pake mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Amayesanso zinthu zosavuta zimene anthu amazinyoza: kusintha polowetsa fulashi, kuchoka kutsogolo kwa bokosi kupita kumbuyo, kusintha chingwe, kuyesa pa kompyuta ina. Matenda ena amathera pomwepo.

Ndiye amatchera khutu. Hadi disiki ya mtundu wakale ili ndi mbale zozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga koyandama pamwamba pake. Ikayamba kulira kuti khe, khe, khe, kapena kompyuta ikamauma nthawi iliyonse foda ina ikatsegulidwa, vuto si la buku ayi, ndi la chitsulo. Disiki yotere ikapitiriza kuzungulira imadzikanda yokha. Yofunika kuzimitsa n'kuitengera kwa amisiri ku Harare. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imanena za thanzi lake, ndipo ikaonetsa chenjezo lachikasu kapena lofiira, ndiye kuti disiki yatsopano igulidwe mwezi womwewo, zisanafike poipa.

Ngati chitsulo chili bwino ndipo zokopera zakoperedwa, mpamene chida cha Windows chotchedwa CHKDSK chimalowa m'bwalo. Munthu amatsegula Command Prompt ngati Administrator, n'kulemba chkdsk, kenako chilembo cha disiki yodwalayo ndi timadontho tiwiri, kenako kamzere kopendekera ndi chilembo f. Chida chimenechi chimayenda m'buku lonse kufananitsa zolembedwa ndi zimene zilipodi, n'kukonza zosemphana. Chikapatsidwa chilembo r m'malo mwa f, chimafufuzanso malo ovulala pa disiki, ndipo ntchito imeneyo imatha kudya maola ambiri. Kuiyamba masana magetsi ali pafupi kuthima n'kuputa dala tsoka lachiwiri. Woopa kulemba malamulo angathe kudina disikiyo ndi batani lakumanja la mausi, n'kupita pa Properties, pa Tools, n'kusankha Check.

Koma CHKDSK ili ndi khalidwe lake limene ambiri salidziwa. Cholinga chake n'chakuti buku likhale lolongosoka, osati kuti fayilo ya kalaliki ipulumuke. Ikapeza zidutswa zosadziwika mwini wake, imazisonkhanitsa mu foda yobisika yotchedwa FOUND.000, n'kuzipatsa mayina a manambala othera ndi CHK. Munthu amatsegula fulashi yake, uthenga woopsa wachokadi, koma foda ya mayeso kulibe. Imakhala ili m'zidutswa zija. N'chifukwa chake kukopera kumayamba, CHKDSK pambuyo. Ndipo disiki ikafika poti Windows ikuitcha RAW, CHKDSK imakaniratu kuigwira.

Pamenepo pamafunika zida zofukula. TestDisk ndi PhotoRec, mapulogalamu aulere a Christophe Grenier wa ku France, akhala akupulumutsa anthu kwa zaka zambiri. TestDisk imayesa kubwezeretsa magawo a disiki amene asowa. PhotoRec sisamala za buku n'komwe. Imafufuza disiki yonse, n'kumazindikira chithunzi kapena kalata poona mmene fayiloyo imayambira. Imabweza zambiri, koma mayina oyambirira amatayika, moti munthu amakhala tsiku lonse akutsegula imodziimodzi kuti adziwe iyi ndi iti. Recuva ndi yosavuta kwa woyamba kumene, ndipo Microsoft inatulutsa yakeyake mu 2020, yotchedwa Windows File Recovery. Lamulo lake ndi limodzi pa zonsezi: pulogalamuyo isaikidwe pa disiki yodwala, ndipo zofukulidwa zisungidwe kwina. Omvera adziwenso kuti chofufutidwa mu fulashi sichipita mu Recycle Bin, komanso kuti madisiki amakono otchedwa SSD amapukuta okha malo a fayilo yofufutidwa, choncho pa iwo mwayi wofukula ndi wochepa kwambiri.

Pali matenda ena amene m'masukulu ndi m'malo osindikizira makalata ndi osatha. Mwana wasukulu wapita ndi fulashi kukasindikiza ntchito yake pa kompyuta imene tsiku limenelo yalandira mafulashi a anthu ena ambirimbiri. Pobwerako mafoda ake onse asanduka timashotikati, tokhala ndi kamuvi pakona. Ena amalira kuti zonse zapita. Sizinapite. Vayirasi imeneyi imangobisa mafoda enieni n'kuika tizithunzi tonyenga m'malo mwake, ndipo aliyense wodina kachithunziko ndiye akuiyatsa vayirasiyo kuti ilowe m'kompyuta yake. Umboni wake ndi wosavuta: Properties ya fulashiyo imaonetsa kuti malo ndi odzazabe monga kale. Mankhwala ake ndi kuyamba kwapima fulashiyo ndi pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi, kenako pa Command Prompt kulemba lamulo la attrib, lotsatiridwa ndi -h -r -s /s /d ndi chilembo cha fulashiyo. Lamulo limeneli limavula mafayilo chobisira chija, ndipo mafoda amaonekanso. Timashotikati tonse tifufutidwe. Koma ngati kompyuta ya mu ofesi ndiyo ili ndi vayirasiyo, fulashi idzadwalanso mawa lake. Ahedi amene amalola fulashi ya aliyense kulowa m'kompyuta yosunga kaundula wa ana akusewera ndi tsogolo la anawo.

Nanga zolakwika zina zimene si kuwonongeka n'komwe? Zilipo zambiri, ndipo zimangofuna kuzidziwa. Kalaliki akufuna kutcha fayilo ndi deti, alemba 28/02/2025, Windows ikana. Siilola kamzere kopendekera m'dzina, ngakhalenso timadontho tiwiri, kanyenyezi kapena chizindikiro cha funso. Kulemba 2025-02-28 kumathetsa mlandu, ndipo mafayilo amadzindandalika okha motsatira masiku. Wina amakonda kuika foda m'kati mwa foda, m'kati mwa inanso, iliyonse ndi dzina lalitali ngati chiganizo. Mapulogalamu ambiri a Windows amalekeza pa zilembo 260 kuwerengera njira yonse, ndipo kupyola pamenepo fayilo sikopereka, sifufutika. Kufupikitsa dzina la foda yakumtunda n'kokwanira. Vidiyo ya ukwati ikukana kulowa mu fulashi ngakhale malo alipo? FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Fulashiyo ikhuthulidwe kaye n'kufomatidwa ngati exFAT. Fayilo ikukana kufufutika ati ikugwiritsidwa ntchito? Pulogalamu ina yaigwira, ndipo kuzimitsa kompyuta n'kuyatsanso kumaimasula.

"Access is denied" ndi uthenga umene umabwera kawirikawiri disiki ikachotsedwa m'kompyuta yakufa n'kuikidwa mu ina. NTFS imakumbukira mwini wa foda iliyonse, ndipo kwa iyo kompyuta yatsopanoyo ndi mlendo. Wokhala ndi mphamvu za Administrator amapita pa Properties, pa Security, pa Advanced, n'kusintha dzina la mwini. Koma ngati disikiyo inakhomedwa ndi BitLocker, palibe chidule. Popanda kiyi yake ya manambala 48, ngakhale mmisiri wa ku Harare angokubwezerani.

Makompyuta ambiri a m'masukulu a kumapulazi ndi opatsidwa, ndipo ena akuyendabe ndi mapulogalamu akalekale. Mafayilo othera ndi docx ndi xlsx anabwera ndi Office 2007. Office 2003 ikapatsidwa fayilo yotere popanda chowonjezera chake, imalephera kuiwerenga, munthu n'kumati yawonongeka pamene ili bwinobwino. LibreOffice, yomwe ndi yaulere, imatsegula mitundu yonse iwiri, ndipo nthawi zina imatsegula ngakhale fayilo imene Word yaikana. Word nayo ili ndi njira yake: pa Open, pambali pa batani pali kamuvi kobisa mawu akuti Open and Repair. Imasunganso yokha kope la ngozi mphindi 10 zilizonse, ndipo kudera kwa magetsi othimathima n'kwanzeru kuchepetsa mphindizo kufika pa ziwiri kapena zitatu. Kompyuta imene tsiku lililonse ikayaka imaonetsa deti la zaka zakale, vuto ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bolodi ya m'kati. N'kotsika mtengo, koma kakatha mafayilo amalembedwa madeti abodza, kalaliki n'kulephera kudziwa kuti yatsopano ndi iti.

Ngozi zotere si za osauka okha. Mu 1998, ku kampani ya Pixar ku America, lamulo limodzi lolembedwa molakwika linafufuta mbali yaikulu ya filimu ya Toy Story 2 ikadali kupangidwa. Atathamangira makope osungira, anapeza kuti nawonso sanali bwino, ndipo palibe amene anali atazindikira. Filimuyo inapulumuka chifukwa a Galyn Susman, amene ankagwirira ntchito kunyumba atabereka mwana, anali ndi kope pa kompyuta yawo. Kampani ya makompyuta amphamvu chotero inapulumukira kope limodzi lokhala kunja kwa ofesi. Kope limene silinayesedwepo kutsegula silingawerengedwe kuti lilipo.

Pa pulazi la ku Darwendale zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Mafayilo a ofesi, a Word ndi Excel, ndi opepuka; a chaka chonse angathe kukwana mu fulashi imodzi, kapena kutumizidwa pa imelo ndi intaneti ya pafoni. Chofunika n'chakuti kope lina lizigona kunja kwa ofesi, chifukwa mbala, mphenzi ndi moto sizisankha kompyuta n'kusiya fulashi ili m'dirowa yomweyo. Fulashi igulidwe m'sitolo yodziwika. Zina za m'misewu zimalembedwa kukula kwabodza, zimalandira mafayilo mokondwa, koma malo enieni akadzaza zotsalazo zimangosanduka zinyalala. Pulogalamu yaing'ono ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso, bodza n'kuonekera poyera. Ndipo UPS, kabokosi ka batire kamene kamapatsa kompyuta mphindi zochepa zoti munthu asunge ntchito n'kuzimitsa bwino, ndi yofunika kuposa purinta yachiwiri kapena sikirini yaikulu. Mwini pulazi amene amagulira pampu sola koma kompyuta ya malipiro n'kuisiya pa soketi yapakhoma waika zinthu chadodolido.

Nkhani ina ndi ya ukalamba wa Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025. Kompyuta yotsalira simafa tsiku lomwelo, koma mabowo atsopano amene akuba a pa intaneti amawapeza samatsekedwanso. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inakhoma mafayilo m'zipatala za ku Britain n'kumafuna dipo, ndipo makompyuta amene inawagwira anali osalandira zigamba zatsopano. Mafayilo okhomedwa motero CHKDSK siingawatsegule, attrib siingawatsegule. Chimapulumutsa ndi kope lija lokha.

Ikafika nthawi yonyamula bokosi kupita kwa mmisiri ku Norton, ku Chinhoyi kapena ku Harare, mawu oyamba kumuuza ndi akuti asafomate ndiponso asaike Windows yatsopano asanakopere mafayilo. Amisiri ambiri amathamangira njira imeneyo chifukwa ndi yachangu, ndipo kompyuta imabwerako ikuwala, ikuthamanga, koma ilibe kanthu. Wonyamulayo akumbukirenso kuti m'bokosimo muli manambala a zitupa, malipiro ndi ngongole za anthu. Dziko la Zimbabwe lili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo loyang'anira ndi bungwe la POTRAZ. Disiki yakale ikasinthidwa, ibwerere kwa mwini wake, isatsale pa shelefu ya mmisiri.

Tsono inu amene mumasunga makiyi a ofesi, kaya papulazi, pasukulu, pakiliniki kapena kutchalitchi, Lachisanu lino musanatseke chitseko koperani foda ya malipiro ndi ya kaundula mu fulashi ina. Mukaitsegule pa kompyuta ina kuti muone ndi maso anu kuti ikuwerengeka. Mndandanda wa antchito ndi wa ana muusindikizenso papepala, usainidwe, ukhale m'kabati yokhoma.